Madzi m'paipi ya gasi ku Lusangazi

Lachitatu, pakati pa Juni. Foni yoyamba lero inali ya mayi ena oweta ng'ombe zamkaka cha ku Lusangazi, omwe tinawamangira thanki ya bayogasi, gasi wophikira wochokera ku ndowe, chaka chatha. Moni sanamalize n'komwe. "Bambo, mbaula yanu ija yapenga. Moto ukuyaka, kuzima, kuyakanso, ndipo m'paipi mukulira ngati m'mimba mwa munthu wogona ndi njala." Ndinanyamula sipanala, sowo ndi guluu wa mapaipi, n'kukwera minibasi ya msewu wa Chikangawa, kunja kukuwaza kamvula kathu kosatha kaja.

Ndinapeza aphika kale phala pankhuni, maso ali psuu ndi utsi. Iwo anali atagamula mlandu: ati mnyamata wawo akuchita ulesi kuthira ndowe. Mnyamatayo anangoti zyoli. Ndinayambira kuthanki, ndipo ndinaona phala la ndowe likusefukira bwinobwino kudzenje lotulukira. Zikatero ndiye kuti gasi alimo wambiri, akukankha. Mwana analibe mlandu, ndipo ndinanena pamaso pa mayi ake.

Umboni weniweni unali kukhitchini, pa kachubu kopindika kokhala ndi madzi komwe timakhomera kukhoma kuti tizionera mphamvu ya gasi. Mbaula ikamayaka, madzi a m'kachubuko amayenera kutsika pang'onopang'ono, mwaulemu. Lero amadumphadumpha. Gasi amabwera moduladula, kusonyeza kuti penapake akuchita kuboola madzi kuti adutse.

Anthu amadabwa kuti madzi alowa bwanji m'paipi yotseka konsekonse. Salowa ayi, amabwera ndi gasi yemweyo. Gasi wa ndowe, amene mbali yake yaikulu ndi methane ndipo yotsalayo kwambiri ndi carbon dioxide, amatuluka m'thanki ali wofunda, atamwa chinyezi mpaka kukhuta. Akangofika m'paipi yozizira, chinyezicho chimasanduka madontho, madonthowo n'kuyenderera kukaunjikana potsika. Ndiye Mzuzu mu Juni, usiku paipi imazizira zedi. N'chifukwa chake poyala paipi timaipendeketsa pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse, kulozetsa kukampopi kotayira madzi komwe timaika pamalo otsikitsitsa.

Ndinatsegula kampopiko ndikuyembekeza kuti vuto lithera pomwepo. Kunatuluka madzi osadzaza ndi kapu yomwe. Apa m'pamene amisiri ena amapukuta manja, kulandira yawo n'kumapita, mawa lake foni n'kuliranso. Madzi ochepa chonchi sangazimitse moto. Ambiriwo anali atakhala pena.

Tinatsata mzere wa paipi ndi mnyamata uja, kuchokera kukhola kulowera kunyumba. Chapakatikati panali mikwasa ya matayala, nthaka italowa pansi. Ati mwezi wa Epulo panadutsa lole yodzaza njerwa, dothi likadali lofewa ndi mvula. Tinakumba. Paipi inali itawerama, pakati pake patapangika kachigwa. Nditaidula, munatuluka madzi otuwira, ozizira, onunkha mazira owola, fungo la mpweya wotchedwa hydrogen sulphide, mpaka kutsala pang'ono kudzaza botolo la malita awiri. Tinakweza paipiyo, kuichirikiza ndi njerwa, ndipo popeza malowo ndi otsika kale ndinaikaponso kampopi kachiwiri m'kabokosi kovundikira. Polumikiza ponse ndinapaka thovu la sopo, palibe pamene panatupa. Moto unayaka wabuluu, osagwedera. Mayi aja anandipatsa chambiko m'chigubu, n'kulonjeza kuti m'miyezi yozizirayi azitsegula timipopi tonse tiwiri sabata iliyonse. Tiona.

Madzulo achimwene anaimba pa WhatsApp. Iwo amagwira ntchito kunja, pafakitale yoyeretsa gasi wochokera pansi pa nthaka. Nditawafotokozera za lero anaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, matenda ako ndi anga ndi amodzi, kungoti anga amawononga ndalama zambiri." Sabata yonseyi akhala akulimbana ndi zamadzimadzi zomwe zikupezeka m'mapaipi a gasi amene fakitaleyo imadzipatulira yokha kuti iziyendetsera ma injini ndi ng'anjo zake.

Kwawoko chodontha sichikhala madzi nthawi zonse. M'gasi wawo muli methane wambiri, komanso tizigawo tolemera monga butane, pentane ndi hexane. Pentane amawira pa madigiri 36, hexane pa 69, choncho sizivuta kuti zibwerere kukhala zamadzimadzi gasi akazizira. Chozizitsa chachikulu si nyengo ayi, koma regulator, chipangizo chotsitsa mphamvu ya gasi m'paipi. Gasi akatsitsidwa mphamvu mwadzidzidzi amazizira yekha, pafupifupi theka la digiri pa bar iliyonse (bar ndi muyeso wa mphamvu ya gasi). Kumutsitsa kuchoka pa bar 60 kufika pa 20, wataya kale madigiri cha m'ma 20. N'chifukwa chake nthawi zina paipi yotuluka mu regulator imachita thukuta, mwinanso chisanu, dzuwa likuswa mtengo. Mankhwala ake ndi hita yotenthetsa gasi asanatsitsidwe, ndi chithanki chotchedwa knock-out drum chogwira madontho asanafike pamoto. Kwa makina a turbine, ma injini ozungulira oyendera gasi, ati opanga ena amafuna gasi afike ali wofunda ndi madigiri 28 pamwamba pa pomwe amayambira kudontha, chifukwa zamadzimadzi zikalowa zimayaka mopitirira muyeso n'kuwotcha zitsulo zam'kati.

Chinandisangalatsa ndi momwe anayambira kufufuza, pakuti sizikusiyana ndi zanga za botolo. Amatunga pang'ono m'galasi n'kuyang'ana. Madzi amakhala pansi. Mafuta opepuka a gasi amayandama, amanunkha ngati petulo, ukawasiya poyera amauluka. Zikakhala zonanda, zomwe zimasakanikirana ndi madzi, ndiye kuti ndi glycol, mankhwala oumitsira gasi, wathawa m'malo mwake. Zikakhala zoterera zosauluka, ndi oyilo wa kompuresa, makina opanikiza gasi. Chilichonse chimaloza khomo lakelake.

Zawo zinali zoyandama. Choyezera cha pa drum chinkanena kuti mulibe kanthu, koma atatsegula pansi ndi manja munatuluka zambiri: kachipangizo koyandama ka m'kati mwa choyezeracho kanali katakanirira. Komabe funso linatsala, zachuluka chifukwa chiyani? Anayenda ndi choyezera kutentha mzere wonse, n'kupeza kuti hita ikugwira theka, waya wina wotenthetsa anapsa kalekale. Sizinkaoneka chifukwa gasi amene ankagwiritsa ntchito anali woyeretsedwa kale, wopepuka. Mwezi watha, pokonza makina ena, anasinthira kugasi wotengedwa chakumayambiriro, wolemera, ndipo palibe anakumbukira kubwezera.

Ndinawafunsa ngati kwatha. Ati gasi abwezera kale kumzere wakale, choyezera achimasula, koma chipangizo cha hita sichinafike, moti shifiti iliyonse munthu akumapita kukatsegula pansi pa drum n'kulemba m'buku zomwe zatuluka. Netiweki inaduka tisanatsanzikane. Mawa ndiyambira kumsika wa hadiweya kukagula timipopi tina, kenako ku Choma, kuli thanki ina yomwe paipi yake inadutsa pansi pa njira ya ngolo.