Imwa kaye iwe, tione ngati udzuke

M'chaka cha 1958 ndinali mnyamata wa m'sitolo ya Mmwenye wina pa Salima, kufupi ndi siteshoni. Nthawi imeneyo njanji inkathera pa Salima pomwepo. Inafika mu 1935, chaka chimene anatsegulanso mlatho wa pa Zambezi, ndiye katundu wa ku Ulaya ankatsika sitima ya pamadzi ku Beira n'kukwera ya pamtunda, kudzera ku Limbe ndi ku Balaka mpaka kudzatipeza ife. Wa ku Lilongwe ankapitirira pa malole. Fungo la ku Mangalande tinkayamba kulimva ndife, tikamakanula mabokosi a matabwa: njinga za Raleigh ndi Humber, makina osokera a Singer opangidwa ku Scotland, ma Primus, nyale za Tilley, magalamafoni.

Kuseri kwa kauntala kunali shelefu ya mankhwala. Kunalibe dokotala kumeneko, kunalibe sikelo, kunalibe wofunsa kuti wayamba liti kudwala. Munthu ankangoloza: "Ndipatseni wa kabotolo kofiirayo." Pa botolo lililonse panali Chingerezi chambirimbiri, ena chithunzi cha mzungu wandevu, ndipo mankhwala amodzi ankati amachiza msana, nyamakazi, kutopa, kusowa tulo ndi kukhumudwa komwe. Ine wa Standard 3 ndinkawerenga mzere woyamba, yotsalayo n'kumalizitsa ndi pakamwa.

Pakamwa pomwepo ndi pamene bwana anandikondera. Itafika nyengo yogulitsa thonje, anthu ali ndi masheleni m'mipango, anati ndisamangodikira makasitomala pakhonde, ndiwalondole kumudzi. Anandibveka malaya a khaki a munthu wamkulu, ofika m'mawondo, n'kundimangirira pa keliyala makina osokera opukusa ndi dzanja, pamwamba pake bokosi la mankhwala. Anandilongosolera chimodzichimodzi. Atafika pa kapaketi kena kokutidwa ndi pepala lonyezimira anati, "Ichi n'chokoleti cha m'mimba. Munthu adye kachidutswa kamodzi basi. Wamva? Kamodzi." Ndinavomera, koma mumtima ndinati kuumira kwa bwanayu kwafika mpaka pa switi.

Ndinapalasa kulowera kunyanja, mwera ukundikankhira m'mbali, mpaka ndinafika pamudzi wina wa cha ku Lifuwu dzuwa litapendeka. Dzina la mudziwo ndilisunga, adzukulu awo alipo ndipo ena amandipatsa moni.

Inu a masiku ano mudziwe kuti chaka chimenecho katundu wa azungu sankalowa m'mudzi chilowelowe. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali chitatikhalira pamutu kuyambira 1953, Kamuzu anali atangofika kumene mu July, ndipo mphekesera zinali ponseponse zoti mu shuga ndi mu nyama ya m'zitini akuikamo zinthu zoti anthu akuda aleke kubereka. Ndiye kufika mnyamata wosadziwika, wovala khaki ngati wa boma, atasenza bokosi la mapiritsi, anthu sanaombe m'manja. Ananditengera kwa mfumu.

Mfumu inali nkhalamba yowonda, yosathamangira kulankhula. Inamvetsera ulaliki wanga wonse, ine ndikukweza botolo lililonse m'mwamba, ndikutchula London, ndikulumbira kuti Mfumukazi Elizabeth yeniyeniyo imamwa omwewa. Nditamaliza inatafuna fodya wake kaye, kenaka n'kuti, "Mwana iwe, kwathu kuno sing'anga akasakaniza mankhwala amayamba walawa yekha. Wofulula mowa amayamba wamwa yekha. Iwe wamwako?"

"Ayi, mfumu, ine sindikudwala."

"Ndiye bwino. Ukafa tidziwa kuti si matenda. Imwa lero, ugone konkuno, mawa tione ngati udzuke."

Nduna inayamba kutulutsa m'bokosi. Mapiritsi a mutu ndinameza. Mafuta a nyamakazi anandipaka msana wonse, osasiya ndi m'khwapa momwe, ndipo anaotcha mpaka ndinakumbukira mayina a azigogo anga onse. Kenaka mapiritsi a impso ndi chikhodzodzo, timibulu tosalala, nduna inandiwerengera m'dzanja mowolowa manja chifukwa sanali ake. Pomaliza panatuluka kapaketi konyezimira kaja. Chokoleti ndinali ndisanachilawepo chibadwire. Ndinanyema kachidutswa kamodzi, kanasungunuka pa lilime, ndipo ndinaona kuti azungu akhala akutibisira zambiri. Pofuna kuonetsa mudzi wonse kuti mulibe chiphe, ndinamaliza paketi yonse, n'kunyambita ndi pepala lomwe. Ana anandiyang'ana ndi njiru.

Ndinagona kumphala ndi anyamata, nduna itakhala pakhomo. Mbandakucha ndinatuluka kukataya madzi, koma kunali mdima, sindinaone kanthu.

Kutacha, anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango kudzaona maliro, n'kupeza wakufayo akumwa phala. Mfumu inati mankhwala tikambabe, tsopano ndionetse makinawo. Apa mtima unakhala m'malo, chifukwa makina ndinkawadziwa. Telala wa pakhonde la sitolo yathu anali atandiphunzitsa. Ndinawakhazika pa bokosi lake, ine n'kukhala pamphasa. Anali akuda bii, a maluwa agolide m'mbali, akununkhira mafuta. Ndinakulunga ulusi pa bobini anthu akuona, ndinaulowetsa m'maenje ake onse mpaka pa diso la singano, ndinapukusa kamodzi kuti wapamwamba ukokere wapansi. Azimayi anasendera pafupi. Mkazi wamng'ono wa mfumu analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nsalu yake yatsopano, yogula ndi ndalama za thonje, yosachapidwapo, nati ndiipinde m'mphepete.

"Mayi, muphethire kamodzi, mupeza yatha," ndinatero.

Ndinayamba kupukusa. Tcheketcheke, tcheketcheke, nsalu ikuyenda yokha. Nthungululu zinalira. Ndinkafuna aone kuti katswiri sayang'ana pa singano, ndiye maso anga anali pa atsikana amene anaima kumbuyo kwa azimayi, mmodzi mwa iwo wa mpata kumano. Mwera unkaomba, malaya anga aakulu aja akupepeluka, ndipo sindinamve kuti mchira wake walowa pansi pa nsalu. Nditafika kumapeto ndinati, "Kuti muone kulimba, ndibwerezanso." Ndinatembenuza, n'kudutsanso pomwepo. Ndinabwereza kachitatu chifukwa wa mpata kumano uja anali atamwetulira.

M'mimba munayamba ndi kaphokoso kaulemu, kongofunsa ngati ndilipo. Ndinakanyalanyaza. Kenaka munalira ngati chigayo cha dizilo chikamayamba m'mawa, mpaka galu amene anagona pafupi ndi mphasa anadzuka n'kusamuka. Thukuta linati kamukamu. Nduna inafunsa mtengo wa makina, ine ndikuyankha ndi mano okhaokha kuti angathe kulipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Inafunsanso kuti singano ikathyoka ina ipezeka kuti. Inali isanamalize funsolo pamene chokoleti chinalamula kuti msonkhano watha.

Ndinadzambatuka. Nsalu inadzambatuka nane. Makina anagwa chagada, singano inati thyo, ndipo ine ndinaliyatsa liwiro la mtondo wadooka kulowera ku bango, nsalu ya mkazi wa mfumu ikuuluka kumbuyo kwanga, ulusi woyera ukusololoka kuchokera pansi pa mango paja. Kumbuyo ndinamva mawu amodzi okha: "Wakuba!"

Za m'bangomo sindifotokoza, owerenga ena mwina akudya. Ndingonena kuti munthu sungabisale uli ndi ulusi wolozera kumene uli. Ana anaulondola mofatsa, nduna pambuyo pawo ndi chibonga, ndipo anandipeza nditanjuta, nditanyamula nsalu ya eni pamutu ndi manja awiri kuti isade. Nduna inatembenuka mwaulemu kuti ndimalize. Ana alibe ulemu umenewo. Kamnyamata kena kanaloza pamchenga n'kukuwa, "Akukodza buluu!"

Ndinayang'ana pansi. Zinali zoona. Buluu weniweni wochapira malaya a kutchalitchi, wopita ku msipu pang'ono, akulowa mumchenga woyera wa kunyanja. Miyendo inazizira. Ndinaganiza kuti mphekesera zija zinali zoona, Chitaganya chandipeza, mbumba ya bambo anga yathera pa ine. Ndinayamba kulira mokweza, ndipo nduna inataya chibonga n'kuthawa kukaitana mfumu.

Mudzi wonse unabwera kudzaona mchengawo. Ena anati ndalodzedwa, ena anati ndine mfiti ndipo zamkati zayamba kutuluka, gogo wina anati ndisayandikire ana. Amene anandipulumutsa ndi mtchona wina amene anakhalitsa ku Joni, bambo wa chipewa cha nthenga. Anayang'ana, n'kuseka mpaka kukhala pansi. Anati mapiritsi a impsowo ku migodi ankamwa tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense ankatulutsa mtundu womwewo, ndiye chizindikiro choti mankhwala afika pamalo pake. Patapita zaka, wachipatala wina anandiuza kuti munkakhala utoto wotchedwa methylene blue, umene umangodutsa m'thupi n'kutuluka ndi mkodzo. Amene anaganiza zoika utotowo ankadziwa malonda kuposa ine ndi bwana wanga tikaphatikizana: mankhwala ena umachita kukhulupirira, awa umadzionera wekha.

Mlandu unakambidwa ine nditaima njo pakati pa bwalo, nsalu ili chilendewere kumalaya, ndikupempha chilolezo pafupipafupi kuti ndikaonenso bango. Nkhani inali yoti mnyamata wathawira kuthengo ndi nsalu ya mkazi wa mfumu, ndipo akuluakulu mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Mfumu inalamula kuti atilekanitse. Nduna inagwira nsalu, mtchona uja anagwira malaya, anakoka, ine ndikuzungulira pakati. Msoko sunasunthe. Anawonjezera amuna ena awiri. Mabatani anauluka, msoko uli chikhalire. Wina anabweretsa lumo, koma mayi mwini nsalu anati aliyense wokhudza nsalu yake ndi chitsulo aona. Anagwada, anaupenda msokowo ndi chala, mizere itatu yowongoka, timaso tofanana tonse, n'kutembenukira kwa mwamuna wake.

"Makinawa sabwerera ku Salima," anatero.

Mfumu inayang'ana kumwamba nthawi yaitali, koma inalipira chikole. Chigamulo chinali choti ndivule malaya, atsale ndi nsaluyo, mayi adzasula okha ulusi ndi minga pa nthawi yawo. Mapiritsi a buluu anatha onse dzuwa lisanafike pamutu, madoda akukankhana ndi matiki ndi makobiri aja obowola pakati, a njovu ziwiri. Azimayi ena anagulira ana awo okodza magazi. Pamenepo mpaka lero pamandiwawa, chifukwa likodzo la kunyanja silinkamva utoto. Linkafuna jekeseni za kuchipatala. Chokoleti anagula munthu mmodzi yekha, nduna ija, ndipo inafunsa kawiri ngati munthu angachizindikire chitasungunulidwa mu thobwa. Sindinafunse kuti thobwalo ndi la yani.

Ndinabwerera ku Salima chifuwa chili pamtunda, msana ukuotchabe, ndikutsika panjinga pa chitsamba chilichonse chooneka bwino. Bwana anamvetsera nkhani yonse osaseka. Anatsegula buku lake n'kulemba zodula pa malipiro anga: malaya amodzi, singano imodzi, ulusi, mapiritsi amene ndinameza, chokoleti paketi yathunthu. Atatero anathira ndalama za m'mpango pa kauntala, anaziwerenga, anaziwerenganso, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Loweruka upite ku Chipoka," anatero. "Ukachite chimodzimodzi. Malaya ena ndikupatsa pangongole."