Chinyezi chatidyera sabata

Lolemba ndi Lachiwiri ntchito yathu yoyeza mapepala akale inayenda monga mwa masiku onse. Mapepala a m'mabuku akale a ubatizo, ena a m'ma 1890, tinawaunika ndi nyali ya UV ya 365 nm m'chipinda cha mdima. Timadontho tofiirira tija, timene timati foxing, sitifanana. Tina timawala moyererako, ndipo kawirikawiri imakhala ntchito ya nkhungu. Tina timada bii, pakati pali kanjere. Todato tinatiyeza ndi XRF, makina ozindikira zitsulo pogwiritsa ntchito ma X-ray, chizindikiro cha chitsulo n'kuonekera pa 6.4 keV. Ndi tizidutswa tomwe tinalowa pepala likupangidwa, tachita dzimbiri m'kati mwa ulusi.

Zovuta zinayamba Lachitatu, pa FTIR, makina owunika chinthu ndi kuwala kwa infrared n'kujambula mzere woonetsa zomwe zilimo.

Tinkafuna kuona kukalamba kwa cellulose, chomwe chimapanga ulusi wa pepala. Pepala likamawonongeka ndi mpweya komanso asidi, pa mzere uja pamatuluka kachotupa kooneka ngati kaphewa pafupi ndi 1730 cm-1, ndipo kaphewako n'kakang'ono ngakhale pa tsiku labwino. Pafupi pomwepo, pa 1640, pamakhala chizindikiro cha madzi omwe pepala lamwa. Madzi akachuluka, kaphewa kaja kamamira. Titangojambula background, kutanthauza kuyeza popanda pepala, mzere unatuluka wa manomano ngati sowo, kuyambira cha m'ma 1400 mpaka 1900. Nthunzi. Titsegule posungira silica gel, timikanda toyamwa chinyezi, tipeze yonse yasanduka pinki kusonyeza kuti yakhuta madzi, m'chipinda chinyezi chadutsa 70 peresenti, m'dzinja muno.

Dehumidifier, makina ochotsa chinyezi m'chipinda, inali yozimitsa. Wina wa ku ofesi anaizimitsa usiku, ati imatha mayunitsi.

Inu anzanga a ntchito imeneyi mukudziwa kuti beamsplitter, kagalasi kogawa kuwala m'kati mwa FTIR, ndi ya KBr, ndipo KBr ndi mchere. Imamwa madzi ngati mchere wa m'khitchini, ikachita khungu ndiye kuti yapita, kuipukuta sikuthandiza. Mtengo wake ungagule mayunitsi a zaka zingati? Koma chowawa kwenikweni ndi pepalalo. Pa ATR, njira yomwe timayezera pa FTIR, pepala timalipanikiza pa kadayamondi, ndipo pa pepala lofumbutuka kamasiya kachibowo kosalala, kooneka ukaliwalitsa cham'mbali. Kuyeza kulikonse ndi chipsera. Malo asanu ndi atatu tinali titawayeza kale tisanatsimikize kuti zotsatira ndi zotaya. Zipsera zisanu ndi zitatu zachabechabe pa tsamba lolembedwa mayina a agogo a anthu.

Silica gel tinaiwotcha mu uvuni pa madigiri 120 mpaka kubwerera buluu. Mapepala tinawagoneka m'bokosi lotseka bwino kuti atsike pang'onopang'ono kufika pa 45 peresenti, chifukwa ukawaumitsa mwachangu amapindika, inki n'kusweka. Lachinayi lonse linathera pamenepo. Nkhungu nayo sidikira: chinyezi chikakhalitsa pamwamba pa 65, imadzuka.

Lachisanu background inayera, mwamwayi beamsplitter yapulumuka. Masamba achikasu kwambiri anaonetsa lignin, chinthu cholimbitsa mtengo, pa 1510, kutanthauza pepala la phala la mitengo, lomwe linafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo pH yake inali ya asidi. Masamba a nsanza za thonje, ngakhale ndi akale kuposa amenewo, akadali olimba, amalira phwaphwa ukamatembenuza.

Pa switchi ya dehumidifier tamatapo tepi ndi kapepala koti musazimitse. Fomu yopempha silica gel yatsopano ikadali pa desiki ya abwana, yosasainidwa.