Lachitatu: gum ya m'kamwa ndi gum ya mumtengo

Nkhaniyi sikunditsika mpaka pano. Wayiyambitsa ndi mwana wa achimwene, uja masiku ano akuwerenga mokweza chilichonse cholembedwa m'Chingerezi. Anatulukira thovu lili kukamwa, chubu cha mankhwala otsukira mano chili m'manja, chala chili pa mawu akuti "healthy teeth and gums".

"Azakhali, ndiye kuti muno athiramo chingamu?"

Ndinamuuza kuti gums pamenepo ndi nkhama, zija zimatuluka magazi akamatsuka mano mwankhanza. Zikanathera pomwepo. Koma achimwene sapirira funso likamayankhidwa ndi munthu wina iwo ali pomwepo.

"Ndi liwu limodzi limenelo," anatero osachotsa maso pa foni. "Gum ndi chomata. Nkhama zimamata mano kuti asagwe, n'chifukwa chake Angerezi anazitcha choncho."

Mwana uja anagwedeza mutu, wakhutira, n'kubwerera kukalavula. Ine mtima unangoti phwii.

Ndinati achimwene, si choncho. Ndi mawu awiri osiyana makolo amene anangofanana kamvekedwe. Gum ya nkhama ndi ya Chingerezi chakale, goma, limene linkanena za kumwamba kwa m'kamwa, ndipo Ajeremani mpaka lero malo amenewo amawatcha Gaumen. Gum inayo, ya utomoni, inayenda ulendo wautali. Inachokera ku Iguputo wakale, Agiriki anaitenga n'kumati kommi, Aroma gummi, Afalansa gomme, kenako n'kulowa m'Chingerezi cha m'ma 1300. Komanso nkhama sizimata dzino. Muzu wake umakhala m'fupa la nsagwada, ndipo timinyewa ting'onoting'ono ndi timene timaugwira.

"Mchemwali, kodi ku Iguputoko unaliko?"

Basi, yankho lawo linali lomwelo. Anaseka okha.

Chimene chikundiwawa n'chakuti kufotokoza kwawo n'kokoma kuposa kwanga. N'kwachidule, n'kosavuta kukumbukira, ndipo mwanayo akakauza anzake mawa palibe adzatsutse. Zanga zija zimafuna munthu akhale pansi. Mwinanso ndadzuka ndi mtima wapachala, chifukwa usiku sindinagone bwino, ndiye kanthu kakang'ono kakundikulira.

Madzulo, kapena kunali kusanade, sindikukumbuka, ndinadzipeza ndikutsuka mbale uku ndikuwerenga m'mutu ana onse a gum ya utomoni ija. Alipo ambiri zedi. Pali gum arabic, utomoni wa mitengo ya mtundu wa mthethe umene wambiri umachokera ku Sudan. Amacheka khungwa, utomoni n'kutuluka, n'kuuma timibulu, anthu n'kumatola. Umapezeka m'zakumwa zoziziritsa kukhosi, m'maswiti ndi mu utoto wa ojambula zithunzi, ndipo pa mapaketi ena umalembedwa kuti E414. Guluu wa kumbuyo kwa sitampa, uja timanyambita, nayenso amatchedwa gum.

Chingamu chathu ndi chewing gum yemweyo, lilime lathu linangomusula. Poyamba ankachipanga ndi chicle, utomoni wa mtengo wa sapodilla umene Amaya ndi Aaziteki ankatafuna kalekale ku Mexico ndi madera oyandikira. Thomas Adams wa ku New York anayesa kuusandutsa labala, zinakanika, n'kuyamba kuugulitsa kuti anthu azitafuna. Chofufuma chija, bubble gum, anachitulukira ndi Walter Diemer mu 1928 pa kampani ya Fleer ku Philadelphia, ndipo iye sanali katswiri wa zosakaniza ayi, ntchito yake inali yowerengera ndalama. Chingamu chambiri cha masiku ano mulibenso utomoni wa mtengo, ndi zopanga za m'fakitale za mtundu wa pulasitiki. N'chifukwa chake chikamatirira pansi sichiola msanga. Ku Singapore anatopa nacho mpaka analetsa kuchigulitsa mu 1992, ndipo mu 2004 anangololeza chamankhwala chokha.

Ndiyeno bulugamu. Ameneyu ndiye anandiseketsa ndekha pa sinki, chifukwa timamutchula tsiku ndi tsiku osamva gum ali m'katimo. Ndi blue gum, mtengo wa ku Australia, ndipo kumeneko mitengo yambiri ya mtunduwu amangoti gum tree chifukwa khungwa likavulala limakha utomoni. Magambuti nawonso ndi a banja lomweli, pakuti labala ankatchedwanso gum. Ku America wofufuza milandu amamunena kuti gumshoe, kuchokera ku nsapato za labala zoyenda mosamveka mgugu. Munthu akasokoneza ntchito imene imayenda bwino amati "gum up the works", ngati wathira ulimbo m'makina.

Pali ina imene ilibe chibale ndi mbali zonse ziwiri. Akuluakulu ena a kumpoto kwa England akadabwa amati "by gum". Mulibe nkhama, mulibe utomoni. N'kuzemba chabe kutchula dzina la Mulungu polumbira.

Gum ya nkhama ilibe ana ambiri chonchi. Imakhala kwa dokotala wa mano, pa gum disease, matenda aja nkhama zimatupa n'kumabwerera m'mbuyo mpaka dzino kugwedera, ndi pa khanda lopanda mano likamamung'unya chinthu. Mwina n'chifukwa chake anthu ngati achimwene amaikankhira m'banja lalikulu lija.

Ndimati ndiwauze zonsezi pa chakudya chamadzulo, koma anali atayatsa mpira. Tsopano ndili pabedi, ndipo uthenga wawo walowa kuchokera chipinda chinacho: "Nanga argument? Muli gum m'katimo. Wakumata eti?"

Ndalemba yankho, ndafufuta. Foni yatsala pang'ono kuzima ndipo chaja ili kwa iwo komweko.