Zikomo kwa onse amene munatithandiza kudzutsa ma MacBook Pro a 2012

Abale ndi alongo, ma laputopu akale aja tsopano akuyaka okha popanda fulashi, sikirini ikuwala bwino, ndipo ophunzira ayamba kuwagwiritsa ntchito. Ife a gulu lokonza makompyuta talemba izi kuti tithokoze pagulu onse amene munatigwira mkono, komanso kuti nzeru zimene munatipatsa zisangothera m'mafoni mwathu.

Kwa amene simunali nafe, makinawa ndi MacBook Pro ya mainchesi 13 ya m'katikati mwa 2012. Pansi pake palembedwa A1278, koma nambala imeneyi ili pa makina a zaka zingapo, choncho dzina lodalirika ndi MacBookPro9,2 limene limaoneka mu System Information. Apple inawasiyira pa macOS Catalina 10.15. Catalina inasiya kulandira zoteteza mu 2022, ndipo mu 2024 Chrome nayo inaisiya. N'chifukwa chake tinaikamo macOS Sonoma, imene Apple sinavomereze pa makinawa, kudzera mu OpenCore Legacy Patcher, pulogalamu imene imathandiza ma Mac akale kuyendetsa macOS yatsopano. Zikomo zoyamba zipite kwa a Dortania, amene amapanga pulogalamuyi n'kumaipereka kwaulere.

Tikuthokoza kwambiri achimwene okonza mafoni ndi makompyuta mumsika, amene anatiletsa kufufuta disiki n'kuyambiranso nthawi zonse makina akakana. Iwo anaumirira kuti tiziyamba taona chimene sikirini ikuonetsa, poti chizindikiro chilichonse chili ndi nthenda yake.

Mukaona bwalo lodulidwa ndi mzere pakati, makina sanafe. Sonoma yaona kuti ili pa kompyuta imene siidziwa, chifukwa mwayatsa osadutsira mu OpenCore, kapulogalamu koyatsira makina kamene Patcher ija imaika pa fulashi kapena pa disiki. Zimitsani, yatsaninso mutagwira batani la Option, sankhani EFI Boot (imeneyo ndiyo OpenCore), kenako musankhe disiki ya macOS. Poika Sonoma makina amazima n'kuyaka kangapo, ndipo ulendo uliwonse ayenera kudutsira mu EFI Boot yomweyo, choncho fulashi yoikira Sonoma isachoke mpaka zonse zitatha. Zikatha, tsegulani OpenCore Legacy Patcher, dinani Build and Install OpenCore, musankhe disiki ya m'kati. Ambiri amaiwala pamenepa, n'kumadabwa kuti akangozula fulashi bwalo lija labwerera. Kuti makina azikumbukira njira, pa sikirini imene imabwera mukagwira Option gwirani Control podina Enter pa EFI Boot. Dziwaninso kuti mukafufuta NVRAM (mosungira makonzedwe oyatsira makina) ndi Command, Option, P ndi R, chikumbutso chimenechi chimafufutika, ndiye muyenera kuchibwezeretsa.

Foda yophethira yokhala ndi chizindikiro cha funso ndi nkhani ina. Apa makina sakuiona disiki n'komwe, ndipo pa mtundu umenewu wolakwa kawirikawiri si SSD (disiki yamakono yosazungulira) ayi, koma kachingwe kophwatalala kochokera ku disiki kupita ku bolodi. Kachingweka kamagona pa aluminiyamu ya thupi la laputopu, kamakhuzika pang'onopang'ono mpaka kuyamba kuphonya. Hadi disiki yakale imatha kupirira nako, koma SSD, chifukwa cha liwiro lake, imakaulula msanga: kuika macOS kumaima pakati, Disk Utility imakana kufufuta, kapena makina amangouma. Amayi amene munatibwereka kabokosi kolumikizira disiki pa USB, zikomo. Mayeso ake ndi achidule. Chotsani SSD, iikeni m'kabokosiko, yatsani mutagwira Option. Ikayaka bwino kunja koma n'kukana m'kati, gulani chingwe. Nambala yake yodziwika ndi 821-1480-A. Chivundikiro cha pansi chili ndi ma screw 10 a Phillips #00, atatu mwa iwo ndi aatali, ndiye muwayale monga munawachotsera. Zulani batire pa bolodi musanakhudze kanthu, ndipo musanagoneke chingwe chatsopano matani tepi yamagetsi pa aluminiyamu pamene chidutse.

Makina akamalira katatu, kupuma, n'kuliranso katatu, vuto ndi RAM, memori ya makina. Imafunika DDR3 ya 1600 MHz. Apple inalemba kuti malire ndi 8 GB, koma 16 GB imagwira. Chotsani, pukutani mano ake, muyese imodziimodzi m'malo onse awiri. Maganizo athu ndi akuti Sonoma pa 4 GB ndi hadi disiki yozungulira ndi kudzizunza chabe. Yambani ndi SSD ndi 8 GB, apo ayi musavutike.

Tsopano za sikirini, zimene zinatenga nthawi ya anthu ambiri pagulu lathu la WhatsApp. Sonoma ikangolowa kumene, makina amatha kukhala aulesi koopsa: mawindo amakoka miyendo, mabatani a F1 ndi F2 sasintha kuwala, kanema amadukaduka, Wi-Fi palibe. Palibe chimene chapsa. Makinawa ali ndi Intel HD Graphics 4000, ndipo Apple inachotsa madiraiva ake kuyambira pa Monterey, pomwe a Wi-Fi yake anachotsedwa pa Sonoma. Madiraiva onsewa amabwerera mukadina Post-Install Root Patch mu OpenCore Legacy Patcher n'kuyatsanso. Fulashi ikapangidwa ndi pulogalamu yomweyo, nthawi zambiri imachita yokha zimenezi, koma zikapanda kutero muyenera kuchita pamanja. Msampha uli apa: Wi-Fi kulibe, ndiye pulogalamuyo muidawuniloda bwanji? Sungani kope lake pa fulashi musanayambe. Mwayi wake, makina a 2012 ali ndi polowetsera waya wa Ethernet, ndipo tikuthokoza bambo amene munatipatsa waya wanu wautali uja.

Sikirini ikakhala yakuda bii koma kamvekedwe koyatsira kamveka ndipo fani ikuzungulira, musathamangire kunena kuti ndi Sonoma. Walitsani tochi ya foni pafupi ndi galasi, kapena kuseri pa chizindikiro cha apulo. Mukaona zithunzi mwachizimezime, ndiye kuti chithunzi chilipo koma nyale ya kumbuyo yazima. Pamenepo onani chingwe cha sikirini pa bolodi ndi fyuzi ya nyaleyo, ndipo imeneyi ndi ntchito ya munthu wodziwa kuwotcherera. Lumikizaninso sikirini ina kudzera pa Thunderbolt ndi adaputa ya Mini DisplayPort. Lamulo limene achemwali athu a ku koleji anatipatsa ndi lothandiza: ngati sikirini ya Option ikuoneka bwinobwino, mdima n'kudza pambuyo pake, galasi ndi nyale zili bwino, fufuzani mu macOS. Yatsani mu Safe Mode mutagwira Shift podina Enter pa disiki, chitani Revert Root Patches, kenako muikenso. Mzere wa pansi pa chizindikiro cha apulo ukaima pakati, yatsani Verbose (yoonetsa mawu a zimene makina akuchita poyaka) m'makonzedwe a pulogalamu, mumangenso OpenCore, mujambule mizere yomaliza. Amene munkatipempha chithunzi chooneka bwino musanayankhe, munkachita bwino, ngakhale ena ankaona ngati mukuvutitsa.

Tisaiwale amene munasonkha ndalama za mabatire. Batire ya makinawa ndi A1322, chaja ndi MagSafe ya 60 W. Batire ikafa, makina amadzichepetsera okha liwiro la purosesa, ndiye munthu amaganiza kuti vuto ndi Sonoma. Choipa kuposa apo, magetsi akathima kapena chaja ya maginito ija ikangokoledwa ntchito yoika ili m'kati, zonse zimaonongeka, ndipo wotchi imatha kubwerera m'mbuyo n'kuchititsa kuti pulogalamu yoikira macOS ikane. Pulogalamu ili ndi posankha poletsa kuchepetsa liwiroko, koma ife tikuti gulani batire. Yotupa ichotseni lero lomwe, imakankha trackpad mpaka kuiswa.

Zikomonso kwa inu munatilola kugwiritsa ntchito intaneti ya ku ofesi kwanu. Sonoma ndi yoposa 12 GB, pa bandulo ya foni sitikanakwanitsa. Fulashi ya 32 GB ndiyo yosavuta, ndipo imodzi imakwanira makina onse a mtundu umodzi.

Kwa aphunzitsi amene mukusunga makinawa, pempho lathu ndi ili: zimitsani Automatic Updates. macOS ikangosinthidwa, ma root patch onse amafufutika, ulesi uja umabwerera ndipo Wi-Fi imasowanso. Komanso pa makina oterewa kusintha kulikonse kumadawuniloda macOS yonse, osati kachidutswa. Ikadawuniloda yokha mwakachetechete n'kusiya theka, pulogalamu imakana kugwira ntchito n'kulemba kuti SystemVersion.plist build version mismatch, ndipo potulukira pake ndi kumaliza kusinthako kapena kuikanso macOS pamwamba. Nthawi yosintha ikakwana, sungani kaye mafayilo a ana, sinthani OpenCore Legacy Patcher, mangani OpenCore pa disiki ya m'kati, kenako macOS, pomaliza Post-Install Root Patch. Fulashi yofiira ili m'kabati ndi ya ntchito imeneyi yokha, musaikemo nyimbo.