Mitu iwiri ya sitima pa chionetsero cha New York cha 1939

Mu phunziro la mbiri ya zamtengatenga teremu ino, ntchito yanga inali yofufuza mmene makampani a njanji ankadzionetsera pa zionetsero zikuluzikulu za maiko onse. Ndinasankha chionetsero cha ku New York chimene chinatsegulidwa pa 30 April 1939 ku Flushing Meadows, chomwe mutu wake unali wa dziko la mawa. Ndakhala ndikuwerenga zokumbukira za anthu amene anapitako ali ana, kenako n'kumaziyerekeza ndi zolembedwa za makampaniwo.

Makampani 27 a njanji a kum'mawa kwa America anagwirizana n'kutenga malo a maekala 17. Panali sewero la pabwalo lotchedwa Railroads on Parade, momwe sitima zenizeni, zakale ndi zatsopano, zinkadutsa pamaso pa anthu atakhala m'mipando. Koma chimene chinandigwira mtima ndi mitu iwiri ya sitima.

Woyamba ndi S1, nambala 6100, umene kampani ya Pennsylvania Railroad inapanga ku Altoona. Unali wautali mamita oposa 42, ndipo maonekedwe ake osalala anawakonza ndi katswiri wokonza maonekedwe a zinthu, Raymond Loewy. Anauimika pa timagudumu tapansi, kotero kuti mawilo ake ankazungulira ndi mphamvu ya nthunzi tsiku lonse, iwo usakusuntha pamalopo. Mwana amene anaona zimenezi anapita kwawo ali wotsimikiza kuti waona tsogolo ndi maso ake, ndipo sindikumudabwa. Zolembedwa zikunena kuti mutuwu unatalika kwambiri moti sunkatha kukhota m'malo ambiri a njanji ya kampaniyo. Unkangoyenda pakati pa Chicago ndi Crestline ku Ohio, wina ngati iwo sanapangenso, ndipo mu 1949 anauphwasula. Pa chionetsero chomwecho kampani ya magalimoto ya General Motors inkaonetsa Futurama, chithunzi cha misewu ikuluikulu ya mu 1960, ndipo tsogolo limene linabweradi ndi limenelo, makamaka boma litakhazikitsa lamulo lomanga misewu yolumikiza zigawo zonse mu 1956.

Wachiwiri ndi umene ndakhala nawo nthawi yaitali. Kampani ya njanji ya LMS ya ku Britain inatumiza sitima yake yonyadira, Coronation Scot, pa sitima ya pamadzi. Isanafike pa chionetsero inazungulira mizinda ya ku America ulendo wa mamailosi oposa 3,000, ataiika belu ndi nyali yaikulu kutsogolo monga mwa malamulo a kumeneko. Aliyense amene anaiona anawerenga dzina lakuti Coronation ndi nambala 6220 pa mutu wake wofiira wa mizere yagolide. Komatu mutu umenewo sunali Coronation weniweni. Unali Duchess of Hamilton, nambala 6229, watsopano kuposa mnzakeyo, ndipo kampani inasinthanitsa maina ndi manambala a mitu iwiriyo ulendo usanayambe. Coronation weniweni, wa mtundu wobiriwira ngati thambo, anatsala kwawo atavala dzina la mnzake.

Apa m'pamene phunziroli linandilowa. Gogo wonena kuti anakhudza Coronation ali mwana sakunama ayi, akunena zimene zinalembedwa pa chitsulo chimene anakhudzacho. Buku la kampani nalonso silikunama. Anzanga ena m'kalasi amaona kuti zokumbukira za anthu n'zosadalirika, ndiye tizingotsata mapepala. Ine sindikugwirizana nawo. Pepala limandiuza nambala yeniyeni ya mutuwo, koma silindiuza kutentha kumene mwana anamva ataima pafupi ndi ng'anjo yake, kapena chifukwa chimene bambo wina anapirira pa mzere wautali kuti alowe m'mabogi. Ndipo kusiyana kwa maumboni awiriwa n'kumene kukuonetsa cholinga cha kampani: inkafuna kuti anthu a ku America akumbukire dzina lotchukalo, ndipo zinathekadi.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba mu September 1939, sitimayo inatsakamira ku America. Mutu unabwerera ku Britain mu 1942, chaka chotsatira n'kubwezeredwa dzina lake, pomwe mabogi anakhala malo ogona a akuluakulu a asilikali a America mpaka anabwezedwa mu 1946. Lero Duchess of Hamilton ali ku National Railway Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale za njanji mu mzinda wa York, ndipo mu 2009 anamuvekanso chikuto chosalala ngati chimene anali nacho mu 1939. M'nkhani yanga ndalemba maina onse awiri, lililonse pamodzi ndi umboni wake, ndipo gawo lotsatira ndifufuza ulendo wa sitima ina ya LMS, Royal Scot, ku chionetsero cha Chicago cha 1933.