Zikomo nonse amene munamuperekeza mwana wanga

Ndakhala chete sabata yathunthu, mauthenga a pa WhatsApp angounjikana osayankhidwa. Mundikhululukire. Mawu anandithera Loweruka lija chifukwa cha nthungululu, pamene mwana wanga ankapikisana nawo pa chisankho cha Rose of Tralee, komanso mtima unali usanakhazikike. Lero sindili pa shifiti, ndiye ndati ndithokoze poyera, poti zabwino munatichitirazo anthu anaziona ndi maso.

Abale a kumudzi mwakhala mukufunsa kuti, "Kodi mwanayu walowa za u-Miss?" Ndifotokoze pang'ono. Rose of Tralee ndi chikondwerero chimene chinayamba mu 1959 m'tauni ya Tralee, ku County Kerry, ndipo chimachitika mwezi wa Ogasiti. Atsikana amachokera m'maboma a muno mu Ireland komanso kumizinda kumene anthu a kuno anasamukira kalekale, monga New York, London ndi Sydney. Zoyenda pa siteji utavala zosambira kulibe. Oweruza amakhala naye pansi mtsikana, kumva mmene amayankhulira, zimene amachitira dera lake, ngati angathe kuimira anthu akwawo osawachititsa manyazi. Koma asanafike ku Tralee kumene RTÉ, wailesi ya kanema ya dziko lino, imaonetsa pa TV usiku uwiri, dera lililonse limayamba lasankha wake. Mwana wanga analowa pamenepo, pa chisankho cha boma lathu lino, mu holo ya hotela.

Sanapambane ayi, ndineneretu, chifukwa ndamva kuti amalume ake ku Dedza auza kale mudzi wonse kuti mwana watenga korona. Amalume, ngakhale wopambanayo amamuveka lamba wa nsalu paphewa, ndipo lambayo wapita kwa mnzake wina, mtsikana waulemu wake amene anabwera kudzandikumbatira ndisanamuyamikire n'komwe.

Nkhaniyi inayamba mu 2018. Tinali pa sofa tikuonera, mwana ali ndi zaka 15, pamene anatchula Kirsten Mate Maher wa ku Waterford kuti ndiye Rose wa chaka chimenecho. Bambo ake mtsikanayo ndi a ku Zambia, aneba athu enieni. Mwana wanga sanalankhule kanthu, anangotsitsa mbale ya nsima pansi n'kuyandikira TV. Ine ndinaona, koma ndinangoti zachibwana zitha zokha. Sizinathe.

Chaka chino atalembetsa, chithunzi chake chinaikidwa pa Facebook pamodzi ndi anzake. Ambiri analemba zabwino. Koma panali ena, osaonetsa nkhope zawo, amene anayamba kufunsa kuti munthu wakhungu lotere ndi Irish kuchokera liti. Mwanayu anabadwira konkuno mu 2003, lamulo lija lakuti aliyense wobadwira kuno ndi nzika lisanasinthe pa referendamu ya 2004. Sukulu yonse waphunzira kuno, chilankhulo cha Irish amachidziwa kuposa ambiri mwa olembawo, camogie, masewera a atsikana a kuno omenya mpira ndi ndodo, wasewera mpaka kuthyoka chala. Komabe mawu amaluma. Usiku wina ndikuchokera ku ntchito ndinamupeza kukhitchini magetsi ali ozimitsa, foni ataigadamitsa pa tebulo. Anangoti, "Amayi, ndisiya." Ine, mayi wamkulu ndithu, ndinasowa chomuuza. Mumtima ndinkafuna asiyedi kuti tipume.

Ndiye zikomo yoyamba ipite kwa atsikana a timu yake ya camogie. Anabwera asanu ndi mmodzi m'mawa mwake, nsapato zamatope, n'kudzaza khitchini yanga. Sanamunyengerere. Anamuuza kuti agula kale matikiti ndipo ndalama sabweza. Mwana wanga anaseka koyamba m'masiku atatu.

Zikomo kwa abwana a famase kumene amagwira ganyu Loweruka, amene anavomera kukhala sponsa wake ndipo analipira zolembetsa asanamalize n'kupempha komwe. Zikomo kwa amayi a mpingo wathu wa Amalawi amene munasonkha ya matikiti a tebulo lathunthu, ena mutasinthana mashifiti a usiku kuti mupezekepo. Ndikudziwa mmene renti ikuwawira muno, sindikuzitenga mopepuka.

Azakhali ake ku Lilongwe, chitenje munasankha chija chinagwira ntchito. Chinabwera m'sutikesi ya mbale wina pakati pa ufa ndi usipa, moti tinachichapa kawiri fungo lisanachoke.

Koma amene sindidziwa ndingawabwezere chiyani ndi agogo a nyumba yoyandikana nafe. Lachisanu usiku, poyesa diresi komaliza, zipi inaphulika kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Telala sankayankha foni. Ndinakagogoda kwa agogowa cha m'ma 10 koloko, mayi wa zaka zoposa 80, zala zopindika ndi nyamakazi. Anatulutsa chitini chakale cha mabisiketi chodzaza ulusi ndi mabatani, anavala magalasi awiri, ena pamwamba pa anzake, n'kuyamba kusoka pamanja. Ine ndimawaunikira ndi tochi ya foni, iwo akundikalipira kuti dzanja langa likunjenjemera. Pakati pa ntchito anandiuza kuti ali mtsikana ankalakalaka kulowa nawo, koma bambo awo anakana. Anamaliza 1 koloko itadutsa. Ndalama anakana, tiyi ndiye anamwa makapu atatu.

Pa siteji, woyendetsa mwambo atamufunsa kuti kwawo n'kuti, mwana anapereka moni m'chilankhulo cha Irish, holo yonse inayankha. Kenako anati, "Muli bwanji?" Tebulo lathu lokha ndi limene linayankha, koma linayankha ngati anthu 100. Apa ndi pamene ndinaiwala kuti ndili mu hotela ya azungu, nthungululu inangotuluka yokha. Abambo ena a tebulo la pafupi anadzidzimuka mpaka kutaya mowa, kenako anandipempha kuti ndiwaphunzitse.

Agogo ake ku Dedza anaonera pa foni ya mdzukulu wawo mpaka bandulo inatha pakati pa gule. Achimwene, vidiyo yonse ndikutumizirani mawa, muwaonetse.

Lamlungu likubwerali tikaweruka ku tchalitchi, nonse mubwere kunyumba. Kuli nsima, nkhuku ndi usipa uja. Mipando ndili nayo isanu ndi itatu yokha, ndiye amene muli ndi galimoto munyamule yanu.