Sudoku yolimba ndaimaliza, koma fotokope inandidyera Loweruka lonse

Sudoku yanga, masewero aja odzaza nambala 1 mpaka 9 m'tizipinda osabwereza nambala mu mzere uliwonse kapena m'bokosi lililonse la tizipinda 9, yatha dzulo madzulo, patatha masiku atatu. Ndiyambe ndi chomwe chinandikwiyitsa, chifukwa mtima sunatsikebe mpaka pano. Sudoku iliyonse yomwe mwaikopera pamanja kapena mwaichita fotokope, musanalembepo kalikonse, ifanizireni ndi pepala loyambirira, nambala imodzi imodzi. Buku la masudoku olimba ndinabwereka kwa mnzanga wa ku Senga Bay, ndinapita nalo pa kashopu kena pa Kamuzu Road, ndinalipira, n'kubweza bukulo tsiku lomwelo. Inki ya makinawo inali itatsala pang'ono kutha, ndipo mwini wake ankadziwa, koma sananene. Nambala 1 ya pa mzere womaliza inatuluka ndi kachidontho pamutu pake, ine n'kuiwerenga kuti 7.

Kuipa kwake n'kwakuti sudoku ya nambala yolakwika sikukanani pomwepo. Imayenda bwinobwino, mumadzaza tizipinda 30 kapena 40, kenako mumafika pa kachipinda komwe nambala zonse kuyambira 1 mpaka 9 zakana kulowa. Mumati ndalakwitsa ndine, mumafufuta, mumayambiranso. Ndinayambiranso katatu m'kutentha kwa ku Salima kuno, thukuta likudontha papepala, mpaka labala inaboola pakati. Kachipinda kokana kanali komwekomweko maulendo onse atatu, ndipo chimenecho ndiye chizindikiro. Mukalakwitsa nokha, vuto limatulukira malo osiyanasiyana. Likamabwerera malo amodzi ngakhale mwayenda mosamala, kaikirani pepalalo.

Za kupeza nambala yomwe yatsala yokha mu mzere kapena m'bokosi sindinena, aliyense wogwira sudoku yolimba amadziwa kale. Zikatha zimenezo, jambulani sudokuyo pa pepala lalikulu ndi lula, kachipinda kalikonse masentimita awiri, kuti timanambala ta pensulo tikwane. M'kachipinda kalikonse lembani nambala zonse zomwe zingathe kulowamo, ndipo nambala iliyonse ikhale ndi malo ake osasintha: 1, 2, 3 pamwamba, 4, 5, 6 pakati, 7, 8, 9 pansi. Mukatero diso limatha kutsatira 7 yekha pepala lonse. Zonse ndithu, osasiyako imodzi. Njira zonse zomwe zikubwerazi zimadalira kuti timanambalati n'tokwanira, ndipo mukaiwala kamodzi kokha, mudzaona njira yomwe kulibe.

Choyamba kusaka ndi awiriawiri. Tizipinda tiwiri ta mu mzere umodzi tikakhala ndi 3 ndi 8 basi, nambala ziwirizo zatengedwa, zifufuteni m'tizipinda tonse totsala ta mzerewo. Ovuta kuona ndi obisala. Mwachitsanzo 1 ndi 6 zikupezeka m'tizipinda tiwiri tokha m'bokosi, koma zakwiririka ndi 2, 4 ndi 9. Pamenepo ofufutidwa ndi 2, 4 ndi 9 aja, m'tizipinda tiwirito mutsale 1 ndi 6. Kenako yang'anani bokosi lililonse: ngati 4 angalowe m'tizipinda ta mzere umodzi wokha m'bokosimo, ndiye kuti mu mzere umenewo kunja kwa bokosi 4 sangakhalenso. Zimagwiranso mobwerera: mzere ukakhala kuti 4 wake ali m'bokosi limodzi lokha, 4 wina aliyense m'bokosimo kunja kwa mzerewo afufutidwe.

Pomwe sudoku yangayi inaumira zedi, inamasuka ndi njira yotchedwa X-Wing. Sankhani nambala imodzi, tinene 7. Pa mzere wopingasa wa 2, 7 angalowe malo awiri okha, pa mzere wotsika wa 3 ndi wa 8. Pa mzere wopingasa wa 6 chimodzimodzi, wa 3 ndi wa 8. Tizipinda tinayito tapanga ngodya zinayi. Wapamwamba akapita ku 3, wapansi akakamizika kupita ku 8, ndipo wapamwamba akapita ku 8, wapansi apita ku 3. Mulimonsemo, mizere yotsika ya 3 ndi 8 yapeza kale 7 wake pangodya zimenezi, choncho 7 wina aliyense m'mizere iwiri yotsikayo afufutidwe. Ambiri amalakwitsa apa pofufuta m'mizere yopingasa, pomwe mulibe chofufuta. Enanso amakakamiza X-Wing pomwe mzere uli ndi malo atatu a 7. Iyayi, awiri okha. Swordfish ndi yomweyo koma ya mizere itatu: malo onse a nambalayo m'mizere itatu yopingasa agwere m'mizere itatu yotsika, ngakhale mzere wina utakhala ndi malo awiri okha mwa atatuwo.

Ndaiwala kunena poyamba paja: mukangoika nambala yotsimikizika, fufutani kanambala kake mu mzere wopingasa, wotsika ndi m'bokosi nthawi yomweyo, musanayang'ane kwina. Mukati ndifufuta kenako, mwayamba kale kusokera.

Njira ina yotchedwa XY-Wing inandithandiza kawiri. Pamafunika tizipinda titatu ta nambala ziwiriziwiri. Kapakati kanali pa mzere wopingasa wa 4, wotsika wa 4, ndipo kanali ndi 2 ndi 5. Mu mzere wopingasa womwewo, kumapeto pa wotsika wa 9, munali kena ka 2 ndi 9. Kumunsi mu mzere wotsika wa 4, pa wopingasa wa 8, kena ka 5 ndi 9. Kapakati kakakhala 2, ka kumapeto kaja kakhala 9. Kakakhala 5, ka kumunsi kaja kakhala 9. Ndiye 9 ali ndithu pa kamodzi mwa tiwirito, ndipo kachipinda komwe kali mu mzere umodzi ndi kalikonse ka tiwirito, ka pa wopingasa wa 8, wotsika wa 9, sikangakhale 9. Kufufuta 9 ameneyo kunasiya 3 yekha, ndipo mbali yonse ya kumanja inatseguka ngati mpanda wa udzu wogwa ndi mwera.

Pali njira ina yomwe imadalira kuti sudoku yolembedwa bwino ili ndi yankho limodzi lokha. Tizipinda tinayi, m'mizere iwiri yopingasa, iwiri yotsika ndi mabokosi awiri okha. Titatu tili ndi 3 ndi 8, kachinayi kali ndi 3, 8 ndi 6. Kachinayiko kakanakhala 3 kapena 8, nambalazo zikanatha kusinthana malo ndipo mayankho akanakhala awiri, choncho n'ka 6. Njira yabwino kwambiri, koma pa pepala lolakwika ngati langa lija imakutsogolerani kuphompho muli ndi chikhulupiriro chonse. N'chifukwa chake ndikubwereza: fanizirani ndi pepala loyambirira. Werenganinso kuchuluka kwa nambala zopatsidwa, zija zosindikizidwa kale papepala. Mu 2012 Gary McGuire wa ku Dublin ndi anzake anatsimikizira ndi makompyuta kuti sudoku ya nambala zopatsidwa zochepera 17 singakhale ndi yankho limodzi. Mabuku ambiri amatsatiranso kachitidwe ka kampani ya Nikoli ya ku Japan koika nambala zopatsidwa mofanana mbali zonse, moti mukazondotsa pepala, malo ake amagwera pomwepo. Mukaona kachipinda kachiwiri ka mzere woyamba kali ndi nambala koma kachisanu n'chitatu ka mzere womaliza kalibe, mwina inki yadya nambala. Koma zimenezi zimagwira nambala yosowa yokha. 1 wosanduka 7 sizimugwira.

Ine chinandipulumutsa n'kuimbira mnzanga uja Lamlungu m'mawa. Ndinati, achimwene, tandiwerengerani mzere womaliza. Atafika pa 1 ndinangokhala chete. Anajambula tsambalo pa foni n'kunditumizira pa WhatsApp, zomwe ndikanachita tsiku loyamba osalipira kanthu. Ndinajambula mizere yatsopano, ndinalemba timanambala tonse, ndipo sindinaponyepo nambala yongoyerekeza ngakhale imodzi. Masamba ena asanu ndi limodzi a fotokope ija ndawaika padera, sindiwagwira mpaka nditawafanizira ndi bukulo.